PhD ya kuno, ya ku Joni, ya pa intaneti kapena ya sikolashipu: kwa a hedi ndi aphunzitsi a ku Mulanje ndi Thyolo

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu a hedi, achiwiri awo, a PEA (alangizi a sukulu za pulayimale) ndi ena a ku ma TTC (makoleji ophunzitsa aphunzitsi) amene mtima ukukuuzani kuti masters siyikukwanira mukufuna mufike pa udokotala wa utsogoleri wa maphunziro, ndati ndiike maganizo anga pamodzi chifukwa funso limabwera lofanana koma ofunsawo ndi anthu osiyana kwambiri. Wina akuyendetsa CDSS kuseri kwa phiri uko, wina akuphunzitsa aphunzitsi ku koleji, wina ali ku ofesi ya maphunziro pa boma, ndiye onsewa akangofunsa kuti "ndi yunivesite iti yabwino" ine ndimaona kuti funso lalumphidwa limodzi. Loyamba ndi lakuti mukufuna kukakhala pa mpando uti pakatha zaka zisanu kapena khumi, chifukwa yankho la limeneli ndi lomwe limasankha njira, osati dzina la sukulu.

Ndinene mosabisa chifukwa ndalama zake ndi zambiri. Mu boma kukwezedwa kwa mphunzitsi kumadutsa ku Teaching Service Commission, pamakhala malo otsatsidwa, intavyu, giredi yomwe muli, zaka zomwe mwagwira, ndiye munthu sangodzuka ndi kukhala hedi wa sekondale yaikulu chifukwa dzina lake layamba ndi Dr. Pepala limathandiza inde, pa intavyu amakuonani mwina, koma silikutsegulirani chitseko palokha. Kumene udokotala umalemera zenizeni ndi ku mayunivesite ndi ku makoleji, kukhala lekichala wokhazikika, mkulu wa dipatimenti, dini, kenako mipando ya pamwamba, komanso ku ntchito za kafukufuku ndi zokonza ndondomeko ku unduna kapena ku mabungwe. Chinthu chosavuta chomwe aliyense angachite ndi kutenga Nation ndi Daily Times za miyezi ingapo, kudula zotsatsa ntchito zonse za mipando yomwe mumailota, ndi kuwerenga bwinobwino zomwe akufuna. Mukapeza kuti akungoti masters ndi zaka zakuti zoyendetsa sukulu ndiye kuti mwadziwa poyambira, mukapeza kuti paliponse alemba PhD ndiye kuti nkhani ili m'munsiyi ndi yanu.

Pali mitundu iwiri ya udokotala yomwe anthu amasokoneza, PhD ndi EdD (Doctor of Education). PhD ndi ya kafukufuku weniweni, mumatenga funso limodzi ndi kulikumba mpaka mutapeza chatsopano chomwe ena sanalembe, ndipo mu ndondomeko ya kuno ndi ya ku South Africa nthawi zambiri makalasi amakhala ochepa kwambiri, ndi inu, supavaiza wanu (wokuyang'anirani pa kafukufuku) ndi thesis (buku la kafukufuku wanu) basi. EdD idayambira ku Harvard ku America cha m'ma 1920, ndipo cholinga chake ndi munthu amene ali kale pa ntchito yoyendetsa sukulu kapena koleji, amayamba ndi makosi a utsogoleri, ndalama za sukulu, malamulo, kayendetsedwe ka kusintha, kenako kafukufuku wokhudza vuto lomwe lili pa ntchito pakepo. Pa pepala EdD ndi yomwe ikumuyenera hedi, ndipo ine ndimaikonda chifukwa cha chimenechi, koma vuto lake kuno kwathu ndi lakuti anthu ambiri olemba ntchito adazolowera zilembo zitatu za PhD, ndiye wa EdD nthawi zina amayenera kufotokoza kuti nayonso ndi digiri ya udokotala yokwanira. Ngati cholinga chanu ndi kukaphunzitsa ku yunivesite ndi kumasindikiza kafukufuku, tengani PhD musavutike. Ngati mukufuna kukhalabe woyendetsa zinthu, EdD yochokera ku sukulu yodziwika bwino ilibe vuto.

Tiyambe ndi njira yoyamba, ya kuno. UNIMA ku Zomba, yomwe ambirife timaitchulabe kuti Chanco ngakhale kuti mu 2021 Poly idakhala MUBAS ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidakhala KUHeS, ndiyo ili ndi mbiri yaitali pa maphunziro a zauphunzitsi, masters yake ya Policy, Planning and Leadership aphunzitsi ambiri adutsamo, ndipo PhD ya maphunziro imachitika ndi kafukufuku. Mzuni nayo ili ndi masters ya utsogoleri ndi kayendetsedwe ka maphunziro, koma kwa munthu wa ku Muloza kapena ku Makwasa, Mzuzu ndi ulendo wa usiku wonse pa basi, ndiye ganizirani kuti supavaiza wakuitanani kuti mukambirane chaputala Lachisanu. Zomba ndi pena, mutha kudzera ku Limbe kapena msewu wa Chitakale, Phalombe, Jali, kupita m'mawa ndi kubwerako ngati zayenda bwino. MUST ili pakhomo pathu pompa ku Ndata, idatsegulidwa mu 2014, koma mtima wake uli pa sayansi ndi luso la makina, ndiye kuyandikira kwake kusakupangitseni kusankha mutu wokakamiza kuti mungolowa pafupi.

Ubwino waukulu wa ya kunoyi ndi wakuti fizi mumalipira mu kwacha. Izi zikumveka zazing'ono mpaka mutakumbukira kuti mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, kenako mu November 2023 ndi 44 peresenti, ndipo amene ankalipira mu ndalama zakunja adagona ali ndi ngongole ina ndi kudzuka ali ndi ina yokulirapo osabwereka kalikonse. Ubwino wina ndi wakuti supavaiza wanu amaidziwa CDSS, simutaya nthawi kumufotokozera kuti PEA ndi ndani, TDC (malo a maphunziro a aphunzitsi pa zoni) ndi chani, bwanji kalasi imodzi ikhala ndi ana opitirira 100, kapena chifukwa chomwe mwana wosankhidwira ku national secondary school ndi wa ku CDSS amalemba MSCE imodzimodzi koma zipangizo zawo ndi zosiyana kutalitali. Komanso anthu omwe mudzakumane nawo pa makonde a ku Zomba ndi omwewo mudzawapeze pa ma intavyu ndi pa misonkhano ya unduna, zimenezo ndi chuma. Chovuta chake ndi chakuti madokotala ndi mapulofesa a gawo limeneli ndi ochepa ndipo atanganidwa, akuphunzitsa a digiri yoyamba, a masters, ali ndi maudindo, ndiye chaputala chanu chitha kukhala pa desiki nthawi yaitali, ndipo pulogalamu yomwe pa pepala ndi ya zaka zitatu kapena zinayi imatha kukoka ngati inu simuli munthu wolondola zinthu. Apa pamafunika ulemu ndi khama limodzi, kukumbutsa mwaulemu koma osatopa.

Njira yachiwiri ndi ya ku South Africa, makamaka UNISA ya ku Pretoria yomwe ntchito yake ndi maphunziro a patali ndipo yakhala ikuchita zimenezi kwa zaka zambirimbiri, komanso ena monga Pretoria, Wits, Stellenbosch ndi KwaZulu-Natal omwe ali ndi madipatimenti amphamvu a utsogoleri wa maphunziro. Kumeneku musanalowe mapepala anu a kuno amayenera kuunikidwa ndi SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro ku South Africa, ndiye yambani msanga chifukwa zimatenga nthawi ndi ndalama. Ku UNISA mumayamba ndi kulemba propozo (pulani ya kafukufuku wanu), ikavomerezedwa ndi pomwe mumalowa mu thesis yeniyeni, ndipo ambiri amagwera pa propozo pomwepa chifukwa amabwera ndi mutu waukulu ngati "mavuto a maphunziro m'Malawi" womwe palibe angaumalize. Chokoma kumeneku ndi laibulale ya pa intaneti, majenolo omwe kuno timangowaona mutu wokha kumeneko mumawatsegula onse muli pa Luchenza, bola netiweki ndi magetsi zikhale. Pali mgwirizano wa SADC wa za maphunziro wa 1997 womwe umati ophunzira a m'maiko a SADC azitengedwa ngati eni dziko pa nkhani ya fizi, ndiye fizi yake imakhala yotsikirapo kuyerekeza ndi ya ku Ulaya, ngakhale pamakhala kandalama kena koonjezera ka ophunzira akunja. Koma ndi rand, ndipo kupeza forex ku banki masiku ano aliyense akudziwa mmene zilili, mutha kukhala ndi kwacha yokwanira m'manja koma tsiku lolembetsa ndi kudutsa mukudikira.

Chinanso cha njira imeneyi chomwe anthu sachinena ndi kusungulumwa. Supavaiza mumangomudziwa pa imelo, mulibe mnzanu wa kalasi woti mumuimbire kuti "iwe wafika pati", mukaweruka ku sukulu mwatopa ndi milandu ya ana, makolo, malipoti a kwa a DEM (mkulu wa maphunziro pa boma), kenako usiku muyatse laputopu muwerenge mapepala a chingerezi cholimba magetsi atazima. Amene amamaliza ndi omwe adapanga kagulu, anthu atatu anayi a ku Mulanje, Thyolo, Phalombe omwe akuchita zofanana, kumakumana kamodzi pa mwezi ndi kumawerengerana zolemba.

Yachitatu ndi sukulu za pa intaneti zomwe si za boma, ndipo apa ndikufuna ndichedwepo chifukwa ndi pomwe aphunzitsi ambiri akutayira ndalama za ngongole. Zilipo zoyenda bwino, zina zili ndi maofesi kuno komwe monga Unicaf ku Lilongwe, ndipo kwa munthu wofuna makosi okonzedwa bwino sabata ndi sabata, osapita kulikonse, zimamuyenera. Koma pa Facebook ndi pa WhatsApp pakuyendanso zotsatsa zambiri za "PhD mu chaka chimodzi", "palibe thesis", "tikupatsani chifukwa cha zaka zomwe mwagwira ntchito", ndipo zimenezi si sukulu ayi, ndi malonda a mapepala. Udokotala uli ngati tiyi wa m'minda yathuyi, wobzalidwa lero sathyoledwa chaka chomwecho, ndiye wina akakulonjezani kukolola msanga dziwani kuti akugulitsani china chake. Musanalipire ngakhale ndalama yolembetsera, funsani ku NCHE, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti lizilembetsa ndi kuvomereza sukulu za ukachenjede komanso kuunika mapepala ochokera kunja, ndipo funso likhale la pulogalamu yeniyeniyo osati dzina la sukulu lokha, chifukwa sukulu itha kukhala yolembetsedwa koma pulogalamu yomwe mukufunayo isanavomerezedwe. Yankho likhale lolembedwa, osati la pa foni. Onaninso kuti fizi ali mu ndalama yanji, chifukwa zambiri zimawerengera mu dola ngakhale zitalengeza kuti zakuchotserani gawo lalikulu, ndipo funsani kuti pakadutsa nthawi yoikika mudzalipira zingati pa teremu iliyonse yoonjezera. Za udokotala waulemu uja amapatsidwa anthu pa mwambo, umenewo ndi ulemu chabe, sungakulowetseni m'kalasi ya ku yunivesite ngati lekichala.

Yachinayi ndi yomwe aliyense amailota, sikolashipu ya kunja yophunzira tsiku lonse. Commonwealth imatumiza anthu ku UK kukachita PhD, Fulbright ku America, pomwe Chevening ndi ya masters ya chaka chimodzi basi ndiye musataye nthawi kuifunsira udokotala. Ku UK zimatenga zaka zitatu kapena zinayi, ku America zimatalikirapo chifukwa amayamba ndi makosi ndi mayeso musanafike pa kafukufuku. Pa maphunziro enieniwo njira imeneyi palibe yoiposa, muli ndi nthawi yonse, mabuku onse, masemina, anthu a maiko osiyanasiyana okutsutsani maganizo, ndipo mumabwerako mutadziwa kulemba ndi kusindikiza. Koma mpikisano wake ndi woopsa, amafuna masters yokhoza bwino, propozo yakuthwa, makalata okuchitirani umboni, mayeso a chingerezi monga IELTS kapena TOEFL, ndipo nthawi zambiri amene ali kale ku mayunivesite amakhala patsogolo chifukwa adazolowera kalembedwe kake. Kenako pali nkhani ya tchuthi cha maphunziro kuchokera kwa olemba ntchito, pangano loti mukabwera mudzagwira zaka zakuti, ndi banja lomwe mukulisiya kapena kulinyamula. Hedi akachoka zaka zinayi mpando wake sudikira, amabwera ndi kupeza zinthu zasuntha. Ine njira imeneyi ndimailimbikitsa kwa achinyamata a zaka za m'ma 30 omwe cholinga chawo ndi yunivesite kapena kafukufuku, koma kwa bambo kapena mayi amene ana ali ku sekondale ndipo kwatsala zaka zochepa kuti apume pa ntchito, ndimaona kuti mtengo wake pa banja ndi waukulu kuposa phindu.

Ndipo pali yachisanu yomwe ena aiona ngati kugonja koma ayi, kudikira kaye. Ngati masters mulibe palibenso zokambirana, yambani imeneyo. Ngati muli nayo koma simunayendetsepo sukulu kapena dipatimenti, zaka ziwiri zitatu pa mpando, kuphatikiza maphunziro afupiafupi a utsogoleri omwe amabwera kudzera ku unduna ndi ku Malawi Institute of Education (MIE) ku Domasi, zidzakupatsani mafunso enieni omwe propozo yanu ikufuna.

Tsopano chomwe chimandipangitsa kukondera kuti munthu wa kuno aphunzire ali konkuno, kaya kudzera ku Zomba kaya ku UNISA, ndi nkhani ya kafukufuku. Ife a Shire Highlands Education Division, Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu, takhala pa nkhani zomwe sizinalembedwe mokwanira ndipo amene amabwera kudzazilemba nthawi zambiri ndi alendo a masabata awiri. Taganizani za sukulu zozungulira ma esiteti a tiyi, nthawi ya mvula tiyi akachuluka makolo onse ali ku ntchito mbandakucha, msonkhano wa PTA kapena wa komiti ya sukulu hedi amauitana bwanji kuti anthu abwere, nanga ana otsala kulera anzawo kunyumba amawasunga bwanji m'kaundula. Taganizani za March 2023 pomwe namondwe wa Freddy adagumula midzi m'mphepete mwa phiri, sukulu zidatsekedwa, makalasi adasanduka malo ogona anthu othawa madzi, ndipo a hedi omwe sadaphunzirepo za ngozi zogwa mwadzidzidzi adapezeka akugawa malo ogona, kuteteza mabuku, kuwerenga ana omwe sakuoneka, kenako kutsegulanso sukulu anthu akadali m'makalasi. Zomwe adaphunzira anthu amenewa zili m'mitu mwawo basi, ndipo mvula ina ikubwera. Pali sukulu za m'malire ku Muloza ndi ku Limbuli komwe msika ndi malonda a ku Mozambique zimakoka anyamata, pali ntchito ya ma mother group pobweza atsikana omwe adasiya sukulu, pali kayendetsedwe ka ndalama za SIG (zomwe boma limapereka zotukulira sukulu) pakati pa hedi, komiti ndi mafumu, pali funso lakuti bwanji amayi ali ambiri m'makalasi koma pa mipando ya uhedi wa sekondale amaoneka ochepa. Uliwonse mwa imeneyi ndi mutu wa udokotala wokwanira, ndipo umalumikizana bwino ndi zomwe boma lidalemba mu NESIP, pulani ya maphunziro ya 2020 mpaka 2030, ndi mu Malawi 2063, zomwe zimathandiza pofunsira thandizo la ndalama.

Koma chenjezo limodzi pamenepa, kufufuza pa sukulu yomwe inu ndinu bwana ndi kovuta, mphunzitsi amene mumamulembera lipoti sangakuuzeni momasuka kuti utsogoleri wanu ukulakwika pati, ndipo komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku idzakufunsani zimenezi. Kuli bwino kusankha sukulu za zoni ina kapena boma loyandikana nalo, wa ku Mulanje akafufuze ku Thyolo. Chilolezo chimafunika musanafunse munthu aliyense funso, ku UNIMA kuli komiti yotere yotchedwa UNIMAREC, ophunzira sukulu zakunja amadzera ku komiti ya pansi pa National Commission for Science and Technology, kenako kalata ya ku division kapena ya ku ofesi ya maphunziro pa boma, ndipo ngati mukufuna kucheza ndi ana pamafunikanso chilolezo cha makolo. Zonsezi ziikeni mu bajeti ndi mu kalendala kuyambira pachiyambi, pamodzi ndi mabando a intaneti, thiransipoti ya kabaza kupita ku sukulu za kumidzi nthawi ya matope, ndi ndalama yomasulira zomwe anthu ayankha mu Chichewa kapena Chilhomwe, chifukwa fizi ndi gawo chabe la zomwe mudzawononge.

Kwa amayi anzathu omwe ndi a hedi ndiwonjezere ichi, kambiranani kunyumba musanalembetse, osati mutalembetsa kale. Maliro, zinkhoswe, odwala, za ku mpingo, zonse zimagwera inu, ndipo thesis imafuna maola okhala chete sabata iliyonse kwa zaka. A kunyumba akavomereza kuti Loweruka m'mawa mayi sapezeka, theka la nkhondo latha.

Ndiye mukandifunsa kuti ndisankhe, kwa hedi kapena PEA amene ali pa ntchito kuno ndipo akulipira yekha, ndingayambe ndi Zomba chifukwa cha kwacha ndi kuyandikira, ndipo ngati kumeneko palibe supavaiza wa mutu wake kapena onse adzaza, ndingapite ku UNISA bola akhale ndi njira yodalirika yopezera rand. Za pa intaneti ndingaziike pachitatu, pokhapokha kalata ya NCHE ili m'manja. Sikolashipu ya kunja funsirani chaka chilichonse ngati msinkhu ndi banja zikulola, sizilipiritsa kufunsira, koma musaimitse moyo kuidikira.

Chomwe chimaposa dzina la yunivesite ndi munthu amene adzakuyang'anireni. Musanadzaze fomu lembani masamba awiri okha, vuto lomwe mwaliona, sukulu zomwe mudzafufuzeko, ndi zomwe ena adalemba kale pa nkhaniyo, kenako fufuzani pa Google Scholar kuti ndi ndani ku dipatimenti imeneyo adalembapo zofanana, werengani pepala lake limodzi kapena awiri, mumulembere imelo yaifupi yaulemu mutaphatikiza masamba anuwo. Funsaninso mwakachetechete kwa omwe adadutsa m'manja mwake kuti amabweza zolemba pakatha nthawi yaitali bwanji ndipo ndi angati adamaliza. Akakuyankhani ndi mafunso ovuta okhudza mutu wanu, ameneyo mugwireni, ndipo fomu mudzaze pambuyo pake.